Bokosi la Makombola Lopangira Pakhomo Lisaloledwe pa Nsanja

Nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ikafika, makombola amamveka usiku m'Chibavi monga amvekera ku Chiputula, ku Zolozolo ndi m'madera ena a mzinda wa Mzuzu. Makombola amene ana aponya pabwalo ali ndi zoopsa zake, ndipo apolisi akhala akuchenjeza za iwo kawirikawiri. Koma pali chinthu china chofunika kuchiletsa chisanazike mizu, ndicho kuyatsa moto wokongoletsa pa nsanja, kaya ndi pa ukwati, pa dansi kapena pa sewero la sukulu, ndi bokosi la mawaya limene munthu wadzipangira yekha kunyumba kwake.

Chiyeso chake nchachikulu, ndipo palibe chifukwa chochibisira. Anthu aona pa kanema ndi pa mafoni oyimba a kunja akulowa pa nsanja pakati pa mbaliwali za moto, ndipo mwini phwando afuna kuti lake lifanane ndi limenelo. Makina enieni oyatsira moto wotere ngogula kunja, mtengo wake ngokwera. Tsono kukapezeka mnyamata wodziwa kukonza mawailesi amene anena kuti batire ya galimoto, waya ndi maswichi angapo zikwanira, mwini phwando amva ngati wapulumutsa ndalama. Mnyamatayo sanama, pakuti bokosi lake liyatsadi moto. Kuyatsa sikovuta konse. Chovuta, chimene amisiri a ntchitoyi amathera zaka akuchiphunzira, ndicho kuletsa moto kuti usayake nthawi yake isanakwane.

Nsonga yoyatsira makombola ndi magetsi njonga mutu wa machesi wolumikizidwa ku mawaya awiri, ndipo imayaka ndi mphamvu yochepa kwambiri, yosaposa ya mabatire a tochi. Chifukwa chake makina ovomerezeka ali ndi zotchinga zingapo. Ali ndi kiyi imene woyatsa amakhala nayo m'thumba pamene anzake ali kulumikiza mawaya, kotero kuti palibe angatsegule magetsi manja a munthu ali pa wonga. Ali ndi batani limene ayenera kuligwirabe pamene akanikiza lina, ndipo akalitaya zonse zimaima. Poyesa ngati waya sanaduke amatumiza kamphamvu kochepetsedwa dala kuti kasafike poyatsa. Bokosi la pakhomo limasowa zimenezi kawirikawiri, ndipo choopsa koposa nchakuti wolipanga angayesere waya ndi batire yomwe ija yoyatsira, nkhope yake ili pamwamba pa makombola.

Ena aganiza kuti achenjera pogwiritsa ntchito rimoti ya pa geti kapena ya alamu ya galimoto kuti aziyatsa ali patali. Marimoti otsika mtengo ambiri amayendera njira imodzi ya mafunde a wailesi, ndipo sanapangidwire ntchito imene kulakwa kamodzi kungaphe munthu. Pa geti, chizindikiro cholakwika chitsegula chitseko, mwini nkutsekanso. Pa nsanja chiyatsa moto mwana wovina ali pomwepo. Ndipo ku Mzuzu, kumene mvula imagwa yambiri kuyambira mwezi wa December, chinyezi cholowa m'mawaya omangidwa ndi pulasitiki chingalumikize zimene mmisiri anazilekanitsa.

Ngakhale makina a akatswiri amalakwa. Pa 4 July, 2012, ku San Diego m'dziko la America, makombola onse amene anakonzedwa kuti aphulike pang'onopang'ono kwa mphindi zoposa 15 anaphulikira pamodzi mphindi imodzi isanathe, chifukwa cha cholakwika m'kompyuta yoyatsira. Palibe amene anafa, pakuti makombolawo anali kutali ndi khamu, ambiri a iwo pa zombo m'madzi. Akatswiri aja anaika mtunda pakati pa moto ndi anthu chifukwa anadziwa kuti makina awo angawanyenge tsiku lina. M'holo ya sukulu mtunda wotere mulibe.

Kumene moto uwu wayatsidwa pansi pa denga, maliro ake akhala ochuluka. Pa 20 February, 2003, m'nyumba ya dansi yotchedwa The Station ku West Warwick, m'chigawo cha Rhode Island, woyang'anira gulu loyimba la Great White anayatsa moto wa pa nsanja wopanda chilolezo. Mbaliwali zinagwira siponji imene inamatidwa m'makoma kuti phokoso lisatuluke, ndipo mphindi zowerengeka nyumba yonse inali moto. Anafa anthu 100, ambiri a iwo atapanikizana pa khomo limene analowera. Pa 27 January, 2013, ku Santa Maria m'dziko la Brazil, oyimba anayatsa m'nyumba makombola opangidwira panja, pakuti ndiwo anali otsika mtengo. Anafa anthu 242, ambiri ophunzira a pa yunivesite, ndipo chimene chinawapha koposa ndi utsi wa poizoni wochokera ku siponji ya kudenga. Ku Qaraqosh m'dziko la Iraq, mu September 2023, unali ukwati, ndipo anafa oposa 100. Ku Kočani m'dziko la North Macedonia, pa 16 March, 2025, anafa 59 tsiku lomwelo, ena namwalira pambuyo pake m'zipatala. Zaka 22 zinapita pakati pa ngozi yoyamba ndi yotsiriza mwa izi, koma njira yake inali imodzi: mbaliwali, denga logwira moto, utsi, khomo lochepa. Akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire.

Aliyense wodziwa maholo a m'Chibavi ayerekeze yekha. Pa tsiku la ukwati denga ndi makoma zimakutidwa ndi nsalu zopyapyala ndi maluwa a pulasitiki, mipando nayo ya pulasitiki, mazenera ambiri ali ndi zitsulo zoletsa akuba, ndipo khomo lachiwiri limatsekedwa kuti osaitanidwa asalowe. Kunja, nyumba nzothithikana ndipo njira zina nzopapatiza, zamatope m'dzinja, zovuta kuti galimoto yozimitsa moto idutse. Anthu a mumzinda muno sanaiwale za pa 18 December, 2015, pamene laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga inapsa ndi mabuku ake pafupifupi 45,000. Imeneyo inali nyumba yomangidwa bwino, pafupi ndi msewu waukulu, ndipo munali mabuku okha. Dziko lino lidziwanso kuti khamu lopanikizana pa khomo limapha ngakhale popanda moto: pa 6 July, 2017, pa bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe, anafa anthu 8, ambiri a iwo ana.

Boma silinasiye nkhaniyi popanda lamulo. Malamulo a dziko la Malawi ali ndi mutu wokhudza zophulika, umene uletsa kupanga, kusunga ndi kugulitsa zinthu zotere popanda chilolezo. Koma lamulo lili m'buku, ndipo amene agwira kiyi ya holo ndi mphunzitsi wamkulu, mkulu wa mpingo kapena kalaliki wa ku Khonsolo. Iwowa ndiwo angalole kapena kukana. Mphunzitsi wamkulu amene abwereketsa holo ya sukulu Loweruka kuti apeze ndalama zogulira choko sachita cholakwa, koma ayenera kulemba m'pangano la kubwereketsako kuti m'nyumbamo simuyatsidwa makombola a mtundu uliwonse, ngakhale timoto ta pa keke ndi pa mabotolo timene anthu amatiyesa zidole. Komiti ya ukwati ikakwiya nichoka, sukulu yataya ndalama za tsiku limodzi lokha.

Wina adzati kuletsa kotere kufooketsa achinyamata aluso amene dziko liwafuna. Luso lawo nloona, ndipo malo ake alipo: ku Mzuzu Technical College ndi ku masukulu ena a ntchito zamanja amaphunzitsa zamagetsi, ndipo mnyamata yemweyo angakonze nyali za mitundumitundu zothwanima motsatira ng'oma, zimene zikalakwa zingozima. Ovina malipenga a ku Nkhata Bay akhala akudzaza mabwalo kwa zaka zambiri opanda wonga ndi pang'ono pomwe.

Ngati phwando lili lalikulu ndithu kotero kuti makombola afunika, likhale la panja, pa bwalo lotakasuka, apolisi ndi ozimitsa moto a Khonsolo atadziwitsidwa masiku akadalipo. Wopereka malo afunse kuona chilolezo, aone makina oyatsira ndi dzina la fakitale imene inawapanga, ndipo akaona bokosi la thabwa lotuluka mawaya omangidwa ndi tepi, akane pomwepo. Pakhale chingwe cholekanitsa khamu ndi moto, ndi munthu mmodzi wosamwa mowa wokhala ndi mphamvu yoimitsa zonse mphepo ikatembenukira kwa anthu. Makombola amene akana kuphulika asayandikiridwe kufikira patapita theka la ora, ndipo woyatsa yekha ndiye awachotse nawamize m'madzi, kuti m'mawa ana a sukulu osesa pabwalo asawatole.