Ndere za kunyanja, nsatsi za kuseri kwa khola

Atsikana athu obwera kuchokera ku Lusaka ayamba kutibweretsera timapaketi ta ndere zouma za m'nyanja ya mchere, zija akuti sea moss. Amazitsuka mchere ndi mchenga, kuziviika usiku wonse, kuzipera ndi madzi pang'ono mpaka zitatelera ngati therere, basi n'kumata kumaso.

Sindikuzinyoza. Ku Zanzibar amayi a ku Paje ndi ku Jambiani akhala akulima ndere zamtunduwu kuyambira cha mu 1989. Amazimangirira pazingwe m'madzi osaya, n'kukolola pakatha masabata 6, ndipo ena amapangira sopo. Kutelera kuja kumachokera ku carrageenan, yemwe amagwira madzi, n'chifukwa chake khungu limafewa kwa kanthawi. Koma zoti zimayeretsa munthu kapena kuchotsa zipsera, amenewo ndi malonda chabe. Komanso phala lakelo silichedwa kusasa. Kuno ku Chadiza ndi makomo angati ali ndi firiji? Pakatha masiku ochepa mu Okutobala, mukudzola zowola.

Choopsa n'chakuti wina aganize zokawola ndere zobiriwira zapadambo kapena za m'madzi a ku Nsadzu, ati n'zimodzimodzi. Ayi ndithu. Zina mwa izo zimayabwitsa khungu, ndipo m'madzi odekha otere ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo.

Vuto lathu lenileni ndi mphepo ya mu Juni ndi Julaye: miyendo kutuwa mbuu, milomo kusweka, ming'alu kuzidendene. Pamenepo pamafunika mafuta otsekera chinyezi, ndipo agogo athu ankawadziwa. Ankakazinga nsatsi paphale, kuzisinja mumtondo mpaka zitachita phala lakuda, kuziwiritsa ndi madzi mumphika, n'kumayengula mafuta oyandama pamwamba n'kuthira munsupa. Fungo lake la utsi silikondweretsa aliyense, ndivomereze, koma chidendene chimatsekeka. Nsatsizo zimangodzimerera kuseri kwa makola, osazithirira, osaziguliranso feteleza. Chenjerani chabe ndi njere zake ndi gaga wotsala mumphika: ndi poizoni, asazifike ana kapena mbuzi.

Amene fungo la nsatsi lamukanika, mpendadzuwa tikulima tokha ndipo mafuta ake ndi opepuka pakhungu. Dzolani mukangotuluka kubafa, thupi lisanaumiretu. Ndipo chilichonse chatsopano, kaya chachokera ku Zanzibar kaya kwa agogo, yambani mwachipaka pang'ono mkati mwa mkono, mudikire tsiku lathunthu musanachifikitse kumaso.