Njinga ya James yadulitsa mwana malikisi

Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 2, anabwera ndi kope lake la Chingerezi sabata yathayi nkhope ili yakugwa. M'chimangirizo chake analemba za njinga ya mnzake, nati James's bicycle. Aphunzitsi anazunguliza s womalizayo ndi cholembera chofiira, n'kulemba James' pambali, kenaka n'kumudula malikisi. Funso lake linali limodzi: "Amalume, ndalakwitsa pati?" Ndinamuuza kuti sanalakwitse paliponse. Zimene aphunzitsi analemba pambalipo nazonso n'zololedwa. Chimene sichinayende bwino ndi malikisi odulidwawo, ndipo nkhaniyi yakana kundichoka mumtima.

M'Chichewa umwini sutivuta. Timangoti njinga ya James, buku la Grace, basi. Chingerezi chimaika nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba kaja, kenaka s, n'kukhala Grace's book. Mavuto amayamba dzina likakhala kuti latha kale ndi s: James, Charles, Francis, Thomas, Agnes, Moses, mayina amene adzaza m'kaundula wa sukulu iliyonse m'dziko muno. Tiwonjezere s wina, kapena nkhodolero yokha ikwanira?

Eni chiyankhulochi sanagwirizanepo. Inu okonda mpira wa ku England mukulidziwa bwalo la Newcastle United, ndipo dzina lake limalembedwa St James' Park. Ku London, pafupi ndi Buckingham Palace, kuli paki yotchedwa St James's Park. Bwalo la Exeter City ndi St James Park, lopanda nkhodolero n'komwe. Dziko limodzi, dzina limodzi, koma kalembedwe katatu. Kazembe aliyense wotumizidwa ku Britain, wathu yemwe, amalandiridwa ku Court of St James's, pomwe chipatala chachikulu choyang'anizana ndi nyumba yawo ya malamulo, kutsidya kwa mtsinje wa Thames, ndi St Thomas' Hospital. Kodi pamenepa aphunzitsi aja akanazunguliza ziti n'kusiya ziti?

Ku America ndiye mkangano wake ndi wa anthu ophunzira zedi. Mu Ogasiti 2024, Kamala Harris atasankha Tim Walz kukhala womutsatira pa mpikisano wa upulezidenti, atolankhani anagawikana. Associated Press, imene malangizo ake a kalembedwe amatsatidwa ndi nyuzipepala zambiri, inkalemba Harris', pomwe New York Times ndi Washington Post zinkalemba Harris's. M'chaka cha 2006, pa mlandu wa Kansas v. Marsh ku khoti lalikulu la dzikolo, woweruza Clarence Thomas analemba Kansas' ndipo mnzake David Souter analemba Kansas's, mlandu umodzi womwewo. Chaka chotsatira aphungu a dera la Arkansas anafika pochita kuvomereza m'nyumba ya malamulo kuti umwini wa dzina la dera lawo uzilembedwa Arkansas's. Kabuku ka William Strunk ka 1918, The Elements of Style, lamulo lake loyambirira lenileni ndi lomweli, ndipo limakondera s wachiwiri. Chicago Manual of Style nayo kuyambira mu 2010 imalangiza kuwonjezera s pa mayina oterewa, angakhale a m'Baibulo.

Chisokonezochi n'chakale. Chingerezi cha makedzana chinkasonyeza umwini wa mayina ambiri powonjezera es kumapeto. Lembo la e litasiya kumveka, nkhodolero, imene Angerezi anatengera kwa osindikiza mabuku a ku France m'zaka za m'ma 1500, inadzakhala pamalo pake, ndipo chizolowezichi chinakhazikika m'zaka za m'ma 1700. Pakati apo ena ankaganiza kuti s uja ndi chidule cha his, n'chifukwa chake sewero la Ben Jonson losindikizidwa mu 1605 likutchedwa Sejanus His Fall.

Ine mbali yanga ndili nayo, ndipo ndikudziwa kuti mukamvetsetsa mukhala nane. Woweruza pa nkhaniyi ndi khutu. Mngerezi akamatchula umwini wa dzina lothera ndi liwu la s, z, sh kapena j, amawonjezera phatikizo lathunthu lomveka ngati iz. Grace's imamveka Greysiz, George's imamveka Jojiz, ndipo palibe amene amatsutsa kalembedwe ka mayina awiriwa. Tsono tchulani Alice, kenaka mutchule Harris. Mayina onsewa akuthera ndi liwu limodzimodzi. Ngati tonse tikulemba Alice's popanda kukangana, chikutiletsa n'chiyani kulemba Harris's? Associated Press yomwe ija inkalemba Walz's, dzina limene m'kamwa limathera ngati la James, chifukwa chongoti papepala lathera ndi z. Lamulo loyang'ana lembo n'kuiwala liwu limafikitsa munthu pamenepo.

Kwa ife kuno palinso chifukwa china chimene a ku London sangachiganizire. Lilime lathu limakonda kutseka phatikizo lililonse ndi lembo la liwu, ndiye James timamutchula Jemusi, Charles timati Chalesi. Mwana wotere mukamulembera James' pa bolodi, awerenga kuti Jemusi n'kupitirira, umwini uja wasowa. Mvetserani owerenga nkhani za Chingerezi pa wayilesi zathu zina, mudzamva dzina ndi chinthu chake zikungogundana popanda cholumikiza, ngati akuti James bicycle. Koma mukamulembera James's, diso limaona s wachiwiri, n'kukumbutsa pakamwa kuti patsala phatikizo lina. Kwa munthu amene akuphunzira Chingerezi kuchokera m'buku, wosakhala pakati pa eni ake, kalembedwe kosonyeza zonse zoyenera kumveka ndi kamene kamamuthandiza.

Pali mayina ochepa amene eni akewo sawonjezera phatikizo powatchula, makamaka akale ndi a m'Baibulo. Moses ndi Jesus ali kale ndi maliwu awiri a s motsatizana, wachitatu amapunthwitsa lilime. M'mapemphero a Chingerezi m'matchalitchi mwathu timamva abusa akutseka ndi in Jesus' name, popanda iz, ndipo ndi mmene zimatchulidwira kwawonso. Chimodzimodzi Socrates' ndi Achilles'. Apa nkhodolero yokha ikukwana, chifukwa pakamwanso palibe chowonjezera.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sunyoza wosadziwa, umadzudzula wosafunsa. Aphunzitsi aja anagwira theka la lamulo, mwina limene anauzidwa ali pa sukulu, n'kulitenga ngati lamulo lonse. Sindikuiwala mmene aphunzitsi athu amagwirira ntchito: ana odzaza mpaka pakhomo, mulu wa makope pa tebulo, buku limodzi ana angapo. Koma musanadule malikisi a mwana, Aphunzitsi, tsegulani buku la galamala kapena funsani anzanu m'sitafu. Mukapeza kuti njira zilipo ziwiri, muuzeni mwanayo kuti zilipo ziwiri, asankhe imodzi ndipo asasinthesinthe m'chimangirizo chimodzi. Chingerezi ndi phunziro limene munthu akalephera, satifiketi ya MSCE saiona ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Mwana amene wadulidwa malikisi pa chinthu cholondola amayamba kukayikira ngakhale zimene akuzidziwa, ndipo tsiku la mayeso dzanja limanjenjemera pa chiganizo chilichonse.

Mantha amenewa ambiri a ife tikuwadziwa. Tinakula m'nthawi imene ukapezeka ukuyankhula Chichewa pabwalo la sukulu, dzina lako linkalembedwa pa kapepala, masana anzako akuweruka iwe n'kupatsidwa chikwakwa kuti ukatchetche kuseri kwa zimbudzi. Tinaphunzira Chingerezi ngati chinthu choopsa chokhala ndi yankho limodzi pa funso lililonse, yankho lake lili m'mutu mwa aphunzitsi. Palibe anatiuza kuti oweruza a khoti lalikulu la America amasiyana kalembedwe pa mlandu umodzi. Mpaka lero ndimaona anthu anzeru, oyendetsa maofesi, akumangika pakamwa pa msonkhano poopa kuthyola Chingerezi, mfundo yabwino n'kubwerera nayo kunyumba. Zimandipweteka kuona mantha omwewo tikuwapatsira ana athu, pa nkhani imene eni ake anaisiya yosagamula.

Chikhala kuti tikufuna zolakwika zenizeni zoti tikonze, zili mbwee. Tengani makadi a ukwati amene mwalandira chaka chino. Ambiri alembedwa kuti The Banda's and the Phiri's akukuitanani, pomwe palibe umwini uliwonse pamenepo. Mabanja akachuluka ndi Bandas ndi Phiris, opanda nkhodolero. Pa mashopu a m'misika mwathu mudzaona Phone's ndi Tyre's, ngati kuti s aliyense womaliza amafuna kachizindikiro pamutu. Izi n'zimene palibe buku lililonse la galamala limaziloleza, koma timazidutsa osaphethira.

Ndiye pali nkhodolero yathu, ya m'Chichewa, imene ndakhala ndikuidandaula. Timatekeseka ndi njinga ya James, koma tikulemba pangono m'malo mwa pang'ono, ngombe m'malo mwa ng'ombe, pa WhatsApp, pa zikwangwani, ngakhale m'timapepala ta mauthenga a zaumoyo togawidwa kumudzi. Komatu kwathu kuno kachizindikiroka sikongokometsera. Ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana, ng'oma ndi ija timavinira, ndipo papepala chosiyanitsa ziwirizi ndi nkhodolero yokhayo. Apa palibe njira ziwiri zoti munthu asankhepo. Chichewa Board, yokhazikitsidwa mu 1972, inatisiyira malamulo a kalembedwe amene anakonzedwanso mu 1990, ndipo ntchitoyi inapitirira ku Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996. Munthu wolakwitsa Chingerezi pa chikwangwani amasekedwa tauni yonse, koma wolakwitsa Chichewa palibe ngakhale womufunsa. Inu a makina osindikizira, pezani malamulowa akhale pafupi ndi kompyuta yanu, ndipo muziwatsegula musanadinde chinsalu chachikulu choitanira alimi ku katemera wa ng'ombe.