KUTSEGULA KUNAYAMBIRA KU GOFU, ANA ANATSALA PANYUMBA

Matenda a Covid-19 atapezeka m'Zambia pa 18 Marichi 2020, mkangano umene unabuka pa wailesi ndi m'manyuzipepala unali wa mbali ziwiri cabe. Ena anafuna kuti dziko lonse litsekedwe, anthu akhale m'nyumba. Ena anati njala idzapha anthu ambiri kuposa matendawo, motero zonse zitsegulidwe msanga. Lero mliriwo unazirala, koma pali funso limene anthu a m'makomboni sanayankhidwebe: pamene boma linayamba kufewetsa malamulo, linayambira kwa ndani?

Coyamba, boma liyenera kuyamikiridwa pa cinthu cimodzi. Sukulu zinatsekedwa pa 20 Marichi, ndipo patapita masiku ocepa a Edgar Lungu, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analamula kuti mabala, makanema, malo olimbitsira thupi ndi nyumba za njuga zitsekedwe, ndi kuti anthu asasonkhane opitirira 50. Koma misika sinatsekedwe ndipo maminibasi anapitiriza kuyenda. Pamenepa boma linaganiza bwino. Mai wa ku Navutika kapena ku Mchini amene amagulitsa tomato pa msika wa Kapata alibe thumba la ufa losungira sabata zitatu. Amagula ka pamela madzulo ndi ndalama zimene wapeza masana omwewo. Kumuuza kuti akhale m'nyumba ndiko kumuuza kuti ana ake agone ndi njala. Ku Malawi boma linayesa kutseka dziko masiku 21 mu Epulo caka comweco, koma amalonda anacita zionetsero ndipo Khoti Lalikulu linaletsa lamulolo lisanayambe n'komwe.

Bvuto linaoneka pa kutsegula. Pa 24 Epulo 2020 boma linalola machalichi, malo ometera ndi okonzera tsitsi kuti ayambenso, pamodzi ndi masewera a gofu ndi tenesi. Pa 8 Meyi linatsegula malesitilanti, makanema, malo olimbitsira thupi ndi nyumba za njuga. Ana a magiredi olemba mayeso, 7, 9 ndi 12, anabwerera ku sukulu pa 1 Juni. Ena onse anayembekeza mpaka Sepitembala, ndiko kuti miyezi 6 ali panyumba.

Za gofu palibe cifukwa cokanganira kwambiri, pakuti amasewerera panja, anthu ali motalikirana, ndipo kacirombo aka kamafala kwambiri m'zipinda zopanda mpweya wokwanira. Koma nyumba ya njuga ndi cipinda cotseka, ndipo munthu amakhalamo maola ambiri. Ngati kunali kotheka kukonza malamulo oti malo otere atsegulidwe, kunali kothekanso kukonza oti mwana wa giredi 4 aziphunzira masiku awiri pa sabata, ngakhale pansi pa mtengo. Cimene cinasiyanitsa n'cakuti eni malonda akuluakulu ali ndi mabungwe owalankhulira ku Lusaka. Mwana wa m'komboni alibe.

Ndipo mwana uja sanali kukhala m'nyumba ai. Nyumba ya zipinda ziwiri, mokhala anthu 7 kapena 8, siingasunge mwana tsiku lonse. Anali pa mzere wa pa mpopi ndi cigubu, anali kumsika akuthandiza amake, anali kusewera mpira ndi anzake m'fumbi. Maphunziro a pa wailesi yakanema ndi pa intaneti anafikira mabanja okhala ndi magetsi ndi ndalama za mabando, ndipo caka cimeneco magetsi anali kuzimazima cifukwa madzi anacepa ku Kariba. Atsikana ena sanabwererenso m'kalasi sukulu zitatsegulidwa.

Mabala naonso anakhala otseka mpaka Sepitembala, ndipo atatsegulidwa analoledwa Lacisanu mpaka Sondo madzulo okha. Aliyense wokhala m'komboni adziwa kuti mowa sunaleke kumwedwa. Unangosamukira m'mashabini, anthu atatseka zitseko ndi mazenera poopa apolisi, ndiko kuti m'malo oipa kuposa bala lenileni. Apa mpingo wa Katolika unacita mwanzeru: boma litalola mapemphero, mabishopu sanathamangire kutsegula, anayamba ayembekeza kuti aone m'mene zinthu zikhalire.

Cacikulu koposa ndi ziwerengero zimene onse okangana anali kudalira. Tsiku ndi tsiku a Dr Chitalu Chilufya, nduna ya za umoyo pa nthawiyo, anali kuwerenga pa wailesi anthu opezeka ndi matendawa ndi omwalira, ndipo omwalira anaoneka ocepa. Anthu ena anayamba kunena kuti awa ndi matenda a azungu kapena a anthu a kumayadi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala 2020, akatswiri otsogoleredwa ndi a Dr Lawrence Mwananyanda anapima mitembo 364 ku mocale ya cipatala ca UTH ku Lusaka, ndipo anapeza kacirombo mwa anthu 70, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse. Mwa 70 amenewa, 51 anamwalirira kunyumba, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa iwo amene anapimidwa akali moyo. Awa ndi aja acipatala amawalemba kuti BID, ofika nawo atamwalira kale. Si onse otere amene analowa m'ciwerengero ca pa wailesi. Conco wofuna kutseka ndi wofuna kutsegula onse anali kutsutsana pa manambala amene anasiya kunja nkhalamba yofera pamphasa ku Kanyama.

Mu Juni 2021 matendawa anabweranso mwamphamvu ndi mtundu wa Delta, katemera atangoyamba kuperekedwa mu Epulo. Zipatala zinadzaza, mpweya wa okosijeni unacepa, ndipo oyamba kutumizidwa kunyumba analinso ana a sukulu. Malamulo ambiri anacotsedwa mu Okutobala 2021, boma latsopano litalowa. Kolera itabuka ku Lusaka, sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 zinayamba pa 12 Febuluwale. Matenda ndi osiyana, maboma ndi osiyana, koma wolipira woyamba ndi yemweyo.

Mliri wina ukadzabwera, mabanja a m'makomboni asadzalole kuti mkangano ukhale wa "tsekani" ndi "tsegulani" cabe. Ali ndi makhansala awo, makomiti a za umoyo a pa kiliniki ndi mabungwe a makolo ndi aphunzitsi. Kupyolera mwa amenewa ayenera kupempha kuti sukulu zikhale zomalizira kutsekedwa ndi zoyamba kutsegulidwa, ndi kuti ndalama ziyambe zapita ku madzi ndi sopo pa sukulu ndi pa msika. Ayeneranso kuumirira kuti munthu womwalirira kunyumba pa nthawi ya mliri apimidwe ndi kuwerengedwa, ndipo banja nalo lisabise zizindikiro zimene womwalirayo anali nazo poopa kuti maliro adzacedwa. Khansala amene sadziwa kuti m'wadi mwake mwaikidwa anthu angati mwezi umenewo alibe cokanena ku khonsolo pa tsiku lokambirana za kutsegula.