Basi ya Alendo m'Nkhalango ya Liwonde

Chaka ndi chaka, mvula ikatha ndipo misewu ikauma, mabasi odzaza ndi alendo amaloŵa m'nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. Ena mwa alendoŵa amachokera ku maiko akutali, ena ndi ana a sukulu amene amatsagana ndi aphunzitsi awo. Nkhalangoyi ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kum'mwera kwa nyanja ya Malombe, ndipo Boma linaikhazikitsa m'chaka cha 1973. M'menemo muli njovu, mvuu, ng'ona, njati, mphalapala, nswala ndi mbalame zamitundumitundu.

Basi ikafika pachipata, mlonda wa nkhalango amafotokozera dalaivala malamulo. Galimoto iyende pang'onopang'ono ndipo isapatuke mumsewu. Munthu asatsike, pokhapokha pamalo ololedwa. Kuliza hutala, kufuula, kutaya zinyalala ndi kupatsa nyama chakudya nkoletsedwa. Ana ambiri akamva zimenezi amanyinyirika. Iwo amati, "Tasonkha ndalama, tayenda ulendo wautali, nanga njovu tiziionera patali chifukwa ninji?" Dandaulo limeneli ndi lomveka ndithu, pakuti mwana wina adzafika kumaloko kamodzi kokha m'moyo wake. Komabe malamuloŵa ndi oyenera, ndipo basi yaikulu ndiyo iyenera kuŵasunga koposa galimoto ina iliyonse.

Basi ndi chinthu cholemera ndiponso chachitali. Galimoto yaing'ono itakumana ndi njovu yolusa, ingathe kubwerera m'mbuyo kapena kutembenuka msanga. Basi singatero pa kamsewu kopapatiza ka pakati pa mitengo ya tsanya. Njovu yaimuna yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 6,000, ndipo ikakwiya imathamanga koposa munthu. Yaikazi ndiyo yoopsa kwambiri ikakhala ndi mwana, pakuti imakhala ndi bere miyezi 22 yathunthu, motero silola kuti chinthu chachilendo chiloŵe pakati pa iyo ndi mwana wakeyo. Dalaivala amene amaloŵetsa basi pakati pa gulu la njovu kuti akondweretse alendo, amaika pachiswe miyoyo ya anthu onse amene ŵanyamula. Wanzeru amaima patali, nadikira kuti njovu ziwoloke. M'nkhalango msewu ndi wa nyama poyamba, mlendo amabwera pambuyo.

Lamulo la liŵiro ndilo limene madalaivala amadana nalo kwambiri, makamaka amene anazoloŵera kuthamanga pa msewu wa tala. Komatu mumsewu wa m'nkhalango mumayenda zolengedwa zambiri zimene munthu wothamanga sangazione: kamba, bilimankhwe, nkhanga ndi anapiye ake. Nswala nayo ikadzidzimuka imalumphira mumsewu momwemo. Basi yothamanga siima msanga chifukwa cha kulemera kwake, ndiponso imautsa fumbi limene limavutitsa magalimoto a m'mbuyo. Ku Kruger, nkhalango yotchuka ya ku South Africa, galimoto siloledwa kupitirira makilomita 50 pa ola pa msewu wa tala, kapena makilomita 40 pa msewu wa fumbi. Chodabwitsa nchakuti wothamanga ndiye amaona nyama zochepa. Mbaŵala yoima phe pamthunzi amaiona ndi amene akuyenda mwakachetechete. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga kupatuka mumsewu kuli ndi vuto lanji, popeza tchire ndi lalikulu? Madera ambiri a Liwonde ali ndi dothi la makande. Nthaŵi ya mvula dothi limeneli limaterera ndipo galimoto imatitimira, nchifukwa chake misewu ina siyendeka m'dzinja. Matayala a basi akadutsa pa udzu amasiya mikwasa yakuya. Mvula ikabwera madzi amatsata mikwasa ija, nakokolola nthaka, ndipo msipu umene mvuu ndi nswala zimadya umaonongeka. Basi imodzi ikalambula njira, zina zimatsata momwemo.

Za chakudya ndiye ana amalakwa kaŵirikaŵiri, ngakhale amachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Mwana akaona nyani amamponyera nthochi kapena chigumu pa zenera. Nyani amene walaŵa chakudya cha anthu amaleka kuopa munthu. Tsiku lina amayamba kulanda, kenaka kuluma, ndipo mapeto ake alonda amakakamizika kumupha. Mapepala apulasitiki otayidwa pa zenera nawo amapha nyama zikaŵameza.

Nyama za ku Liwonde sizinapezeke mosavuta. Zipembere zinatheratu m'dziko la Malaŵi chifukwa cha opha nyama mozemba, kufikira m'chaka cha 1993 pamene ziŵiri zinabwera kuchokera ku Kruger komwe kuja. M'chaka cha 2015 Boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Misampha yambirimbiri inachotsedwa, mpanda wa magetsi unamangidwa pofuna kuteteza minda ya anthu a m'midzi yozungulira, ndipo mu 2018 mikango inabwezeretsedwa. Ntchito yonseyi inadya ndalama ndi thukuta la anthu ambiri. Si bwino kuti nyama zimene zinapulumuka ku msampha zizisautsidwa ndi phokoso la basi.

Tsono udindo suli pa dalaivala yekha. Nthaŵi zambiri alendo ndiwo amamuumiriza kuti, "Tasenderani pafupi, bambo, tijambule bwino!" Mphunzitsi ayenera kuŵerengera ana malamulo ulendo usanayambe, ndipo eni mabasi ayenera kutuma madalaivala odziŵa khalidwe la nyama. Dalaivala wophwanya malamulo mwadala ndi bwino kuti alipitsidwe, ndipo akabwereza asaloledwenso kuloŵa.

Dzuŵa likapendeka basi iyenera kuyamba kubwerera ku chipata, ngakhale ana atakhala kuti mkango sanauone. Usiku amayenda ndi atsogoleri a alendo okhawo amene ali ndi chilolezo. Mdima ukagwa mvuu zimatuluka mu Shire kukadya udzu kumtunda, ndipo zimadutsa m'misewu yomwe ija imene basi inayendamo masana.