PIN si yotchula pamsika

Chiyambireni Airtel Money mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, foni yasanduka chikwama cha ndalama. Koma kodi chikwamachi tikuchisunga bwanji?

Mu 2018 bungwe la MACRA lidatiuza kuti tilembetse manambala athu. Tidaima pamizere, ziphaso m'manja, poganiza kuti akuba atheratu. Ayi ndithu. Mauthenga aja akubwerabe, akuti atitumizira ndalama molakwitsa, tibweze msanga. Musanabweze kanthu, yambani mwaona ngati ndalamazo zalowadi. Ena amaimba ngati a kukampani ya foni n'kupempha PIN. Kampani sifunsa PIN, abale anga.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndimachiona pamsika. Agogo afika kwa ejenti, apereka foni, n'kutchula PIN mokweza, anthu ali mbwee. PIN yakenso ndi chaka chawo chobadwa, chomwe chalembedwa pachiphaso chili m'kachikwama kamodzi ndi foniyo! Wotola kachikwamako ndiye kuti watola zonse.

Agogowo sitingawanene, kuwerenga kumawavuta. Makampani ndiwo aphunzitse maejenti awo kubweza foni kwa mwini wake kuti alembe yekha PIN, ndipo ejenti woifunsa alandidwe layini.