Ndani akuyeza madzi a Amaramba?

Pa thumba la fetereza wa 12-24-12, nambala yapakatiyo ndi ya fosiforasi. Fodya ndi chimanga zimadyako pang'ono, wotsalayo amamatirira ku dothi. Nanga mvula ikakokolola minda yoyandikana ndi nyanja ya Amaramba, dothilo limathera kuti?

Amaramba ndi nyanja ya ku Mozambique yosaya, yowonda, yotalika makilomita pafupifupi 35. Imalandira madzi a nyanja ya Chiuta n'kuwapatsira mtsinje wa Lugenda. Moyo wa nyanja yotere uli m'zomera za pansi pa madzi, zimene zimagwira matope ndi kubisa tiana ta makumba ndi matemba. Fosiforasi akachuluka, woyamba kukhuta ndi ndere. Ina imakuta masamba a zomerazo, ina imadetsa madzi, dzuwa osafikanso pansi, zomera n'kufa. Pamenepo mphepo imavundula matope, matopewo n'kulavula fosiforasi amene anasunga kwa zaka, ndere n'kuwirikiza. Ikamaola imatha mpweya m'madzi, nsomba n'kuyamba kuyandama. Chotidetsa nkhawa n'chakuti zomerazi zimapirira nthawi yaitali madzi akuoneka bwinobwino, kenako zimagonja kamodzin'kamodzi, ndipo kuzibwezeretsa n'kovuta zedi.

Izi si zongoganizira. Mu 1973, wasayansi David Schindler anagawa pakati nyanja ina yaing'ono ku Canada, n'kuthira fosiforasi mbali imodzi yokha. Mbali imeneyo ndiyo inasanduka yobiriwira. Kufupi kuno, mu Disembala 2024, zipembere 4 zinafa zitamwa madzi a ndere yapoizoni ku Lake Chivero, nyanja imene anthu a ku Harare amamwa. Kodi tikudikira zoterezi kuti tidzidzimuke?

Tifunse a ARA-Norte, oyang'anira madzi kumpoto kwa Mozambique: fosiforasi wa m'Amaramba munamuyeza liti, ndipo msodzi wa ku Mandimba angazione kuti zotsatirazo? Popeza madziwa amadzera ku Chiuta, kodi mumakhalirana pansi ndi anzanu a ku Machinga?

Mlimi sitikumuletsa fetereza, njala imapweteka. Koma alangizi ophunzitsa kathiridwe kake, amaphunzitsanso mizere yotchinga madzi ndi kusiya udzu m'mphepete mwa mitsinje? Mafumu ogawa madimba mpaka m'bango ndi gumbwa, akudziwa kuti dambo ndilo limasefa matope asanalowe m'nyanja? Nanga makoka ozula zomera pansi pa madzi, akuwaletsa ndani?