Kuyendera Kopanda Chilango Nkwachabe

Tamvani za ku Cumberland, m'dziko la America. Kumeneko kampani ya Envigo inkaweta agalu ogulitsa kwa oyesa mankhwala. M'chaka cha 2021 oyendera a Boma anapeza kuti tiana ta agalu toposa 300 tinafa m'miyezi 7, ndiponso m'zakudya munali mphutsi. Analemba zonsezi, koma sanalipitse kampaniyo ngakhale khobidi limodzi. Agalu anabvutikabe kufikira 2022, pamene mlandu unafika kubwalo, naomboledwa agalu pafupifupi 4,000. Tsono ife a nthambi ino tiumirire pamenepa: woyendera akapeza choipa, chilango chitsate msanga. Lamulo longogona papepala silipulumutsa chiweto, silipulumutsanso munthu.